Kaboni wowiritsidwa mu asidi wayamba kugwira phenol yochepa: kodi ndalakwitsa pati?

Tadala_Lab analemba:

Ndikupempha nzeru kwa amene anagwirapo ntchito ndi activated carbon (makala okonzedwa kuti akhale ndi timabowo tambirimbiri) pa nkhani ya adsorption, kutanthauza kumatirira kwa mamolekyu pa makoma a timabowo ta chinthu cholimba. Ndili m'chaka chomaliza cha maphunziro a kemisitiri, ndipo kafukufuku wanga ndi woona mmene kaboniyu amachotsera mankhwala otchedwa phenol ndi p-nitrophenol m'madzi.

Kaboni wanga ndinamugawa pawiri. Gawo loyamba ndinangolitsuka ndi madzi oyera n'kuliumitsa, pamene lachiwiri ndinaliwiritsa mu asidi wa nitric kwa maola angapo, kenako ndinalitsuka ndi kuliumitsa chimodzimodzi. Maganizo anga anali akuti asidiyo adzasiya magulu ambiri a okosijeni pa makoma a timabowo, ndipo popeza phenol ili ndi gulu la OH, idzapeza pogwira pambiri kudzera m'ma hydrogen bond, kutanthauza kukokana kwa haidrojeni wa gulu limodzi ndi okosijeni wa gulu lina. M'botolo lililonse ndimaika magalamu 0.05 a kaboni ndi mamililita 100 a madzi osungunulamo mankhwalawo, ndimawakhutchumula kwa maola 24 pa madigiri 25, ndimasefa, ndipo ndimawerenga mankhwala otsala m'madzi ndi makina oyeza kuwala kumene mankhwalawo akuyamwa, phenol pa kuwala kwa mananomita 270 ndi p-nitrophenol pa mananomita 317.

Zimene ndapeza ndi zosemphana ndi zimene ndinkayembekezera. Muyeso wa BET, woyeza kukula kwa malo a pamakoma pogwiritsa ntchito mpweya wa nayitrojeni, ukuonetsa kuti malowo achepa pang'ono chabe pa kaboni wa asidi, koma phenol imene akugwira yatsika kwambiri, kuposa mmene malowo achepera. Chachiwiri, pa makaboni onse awiri p-nitrophenol ikugwidwa yambiri kuposa phenol, ngakhale kuti molekyu yake ndi yaikulu, ndipo ine ndinkaganiza kuti yaikuluyo ndi imene idzavutike kulowa m'timabowo. Palinso mabotolo ena a p-nitrophenol amene madzi ake asanduka achikasu, ndipo manambala ake sakugwirizana ndi enawo. Kodi pali pamene ndalakwitsa pokonza kaboniyu, kapena ndi mmene zimakhalira?

Mphunzitsi_Wopuma analemba:

A Tadala, pokonza kaboni simunalakwitse, ndipo zimene mwapezazo ndi zodziwika kale. Coughlin ndi Ezra anazilemba mu 1968, ataona kuti kuwonjezera okosijeni pa kaboni kumachepetsa phenol imene amagwira, ndipo kuchotsa okosijeniyo kumabwezeretsa mphamvu yake. Chimene chakusokeretsani ndi kuganiza ngati m'botolomo muli awiri okha, kaboni ndi phenol, pamene mulinso wachitatu, amene ndi madzi, ndipo iyeyu ndi amene wachuluka.

Muyeso wa BET, umene Brunauer, Emmett ndi Teller anausindikiza mu 1938, umachitika pa kaboni wouma, wochotsedwa mpweya wonse, ndipo nayitrojeni amalowa pa kuzizira kwa 77 K (madigiri 196 pansi pa ziro) n'kupeza makoma opanda kanthu. Mukathira kaboni yemweyo m'madzi, makomawo amanyowa phenol isanafike, choncho molekyu iliyonse ya phenol iyenera kuyamba yakankha madzi kuti ipeze pokhala. Ndiye kuchuluka kwa phenol imene igwidwe kumadalira mmene phenol ikukondera khoma, mmene madzi akukondera khoma lomwelo, ndiponso mmene madziwo akukanira kutaya phenol imene asungunula. BET sikuuzani chilichonse pa zinthu zimenezi.

Makoma a activated carbon ndi timapepala ta maatomu a kaboni olumikizana m'mphete za mbali zisanu ndi imodzi, monga zilili mu graphite, ndipo timabowo tating'ono kwambiri, tosapitirira mananomita 2, ndi ming'alu yopyapyala ya pakati pa timapepalato. Khoma lotere madzi salikonda kwenikweni, koma mphete ya benzene, imene ili m'molekyu ya phenol, imaligonera chafufumimba, ndipo maelekitironi a π, amene amakhala pamwamba ndi pansi pa mpheteyo, amakokana ndi a pakhomalo. M'mng'alu wopapatiza molekyu imakokedwa ndi makoma onse awiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake timabowo tating'onoting'ono ndi timene timagwira ntchito yaikulu pamene mankhwala ali ochepa m'madzi.

Tsono asidi wa nitric amaika magulu a carboxyl, a lactone ndi ena otere m'mphepete mwa timapepalato, ndipo m'mphepetemo ndi mmene muli makomo a ming'alu. Maganizo anu a hydrogen bond ndi oona, koma taonani amene akufika poyamba pa maguluwo. Lita imodzi ya madzi ili ndi mamolo pafupifupi 55, pamene mamiligalamu 100 a phenol pa lita ndi milimolo imodzi yokha ndi pang'ono, popeza molo imodzi ya phenol imalemera magalamu 94. Pa molekyu imodzi ya phenol pali mamolekyu a madzi oposa 50,000. Madzi ndi amene amagwira gulu la carboxyl, ena amagwira pa oyambawo, mpaka pamakhala kamulu kotseka khomo la mng'alu, ndipo malo onse a m'katimo, amene BET inawawerenga, phenol siwafikanso. Kuwonjezera apo, magulu a okosijeniwo amakoka maelekitironi kuchoka pa kapepala ka kaboni, zimene zimafooketsa kukokana kwa π kuja. Mattson ndi anzake anapereka maganizo ena mu 1969, akuti okosijeni wa gulu la carbonyl amapereka maelekitironi kwa mphete ya phenol, ndipo kuti carbonyl ikasanduka carboxyl mgwirizanowo umatha. Akatswiri akhala akutsutsana kwa zaka zambiri pa kufunika kwa njira iliyonse mwa izi, koma zonse zikuloza mbali imodzi, yomwe ndi imene mwaiona.

Za p-nitrophenol ndi zosavuta. Phenol imasungunuka magalamu oposa 80 pa lita, pamene p-nitrophenol sifika ngakhale magalamu 20, ndipo chinthu chimene madzi sachigwiritsa chimathawira msanga pakhoma, monga limanenera lamulo la Lundelius. Gulu la nitro limakokanso maelekitironi kuchoka m'mphete, ndipo mphete yotereyo imakokana kwambiri ndi khoma lodzaza maelekitironi. Kukula kwa molekyu sikuvuta kwenikweni, chifukwa mamolekyu onse awiri ndi aphwatalala ndipo amalowa m'mng'alu cham'mbali. Komabe ndikupempheni kuti muyerekeze m'mamilimolo pa galamu osati m'mamiligalamu, chifukwa molo ya p-nitrophenol imalemera magalamu 139, ndipo ngakhale mamolekyu ogwidwa atakhala ofanana chiwerengero, p-nitrophenol idzaoneka yochuluka pafupifupi ndi theka mukayeza kulemera.

Mukafuna umboni wa m'manja mwanu, bwerezani ntchitoyi mu cyclohexane, chosungunulira chosasakanikirana ndi madzi, m'malo mwa madzi. Mmenemo mulibe wolimbirana naye magulu a okosijeni, ndipo mudzaona kuti kaboni wa asidi uja sagonjanso monga akuchitira m'madzi.

Mercy_wa_Madzi analemba:

Aphunzitsi afotokoza bwino za makoma, ine ndingonena za mabotolo achikasuwo, chifukwa ndakhala ndikuyeza madzi m'labotale kwa nthawi yaitali ndipo chikasu chimenecho ndimachidziwa. Ndi chizindikiro cha pH. P-nitrophenol ili ndi pKa pafupifupi 7.15, kutanthauza kuti pa pH imeneyo theka la mamolekyu limakhala litataya haidrojeni n'kusanduka nitrophenolate, yomwe ndi yachikasu ndipo imayamwa kuwala pafupi ndi mananomita 400, osati 317. Ngati mukuwerenga pa 317 madzi ali achikasu, makina akuona gawo lokha la mankhwala otsala, ndipo inu mukuwerengera kaboni zinthu zimene sanagwire n'komwe.

Ndikuganiza kuti chikasucho chili m'mabotolo a kaboni wosathira asidi. Kaboni wotereyu nthawi zambiri amakhala ndi phulusa lokweza pH, komanso makoma ake enieniwo amatenga ma H⁺ m'madzi, pamene wa asidi amatsitsa pH chifukwa cha magulu a carboxyl. Choncho mabotolo anu awiri, ngakhale anayamba ndi madzi amodzi, amatha maola 24 ali pa pH yosiyana, ndipo simukuyerekeza zinthu zofanana. Yezani pH pamapeto, osati poyamba pokha. Musanawerenge, thirani kadontho ka asidi m'madzi onse osefedwa kuti mankhwala onse abwerere mu mtundu umodzi, kapena werengani pafupi ndi mananomita 348, pamene mitundu yonse iwiri imayamwa kuwala mofanana.

Nkhani ya pH sithera pa makina owerengera. Molekyu ikakhala ndi chaji, madzi amaigwiritsa kwambiri, ndipo ngati khoma nalonso lili ndi chaji ya negative, ziwirizo zimakankhana. Khoma limakhala negative pamene pH ya madzi yaposa pH imene kaboniyo amakhala wopanda chaji, ndipo pa kaboni wowiritsidwa mu asidi wa nitric pH imeneyi imatsika kwambiri, kawirikawiri mpaka cha m'ma 3. Phenol ili ndi pKa pafupifupi 10, choncho iyo siyamba kuvutika mpaka pH itadutsa 8 kapena 9, koma p-nitrophenol yogwidwa imayamba kale kuchepa pH isanafike 7.

Chinanso chimene ambiri amachiiwala ndi botolo la kaboni ndi madzi okha, lopanda mankhwala. Kaboni wowiritsidwa mu asidi amatulutsa tizidutswa tosungunuka tofiirira, timene timayamwa kuwala kwa UV m'dera lomwelo la mananomita 270, ndipo makina amatiwerenga ngati phenol yotsala. Ngati simunachotsere zimenezi, kaboni wa asidi akuoneka wofooka kuposa mmene alili. Pangani botolo lina lopanda kaboni, koma losefedwa ndi sefa yomweyo, chifukwa masefa ena nawonso amagwira phenol. Ndipo ngati kaboni wanu ndi wa timibulu, maola 24 akhoza kukhala ochepa, choncho mumupere, mumusefe kuti tizidutswa tifanane kukula, ndipo muyeze botolo limodzi pa tsiku loyamba, lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri kuti muone ngati manambala aleka kusintha.

Tadala_Lab analemba:

Zikomo kwambiri Aphunzitsi, zikomonso a Mercy. Ndayeza pH ya mabotolo amene ndinawasunga, ndipo ndi zoona kuti achikasu onse ndi a kaboni wosathira asidi, amene pH yake yakwera kudutsa 8, pamene a kaboni wa asidi ali pansi pa 5. Nditathira asidi n'kuwerenganso, kusiyana kwa makaboni awiriwa pa p-nitrophenol kwachepa, ngakhale sikunathe. Pa phenol kusiyanako kudakalipo ndithu.

Ndili ndi mafunso ena awiri. Ndinayesa kuchotsa phenol pa kaboni pomuviika mu methanol, ndipo pa kaboni wa asidi pafupifupi yonse inabwerera, koma pa wosathira asidi gawo lalikulu ndithu linakanirira ngakhale nditabwereza katatu. Kodi zimenezi zikusonyeza kuti kukokana kwa π kuja ndi kwamphamvu chonchi? Komanso manambala anga akugwirizana bwino ndi chilinganizo cha Langmuir, R², nambala yosonyeza kugwirizanako, ikufika 0.99. Kodi ndingalembe kuti phenol ikuyala mzere umodzi wokha pa makoma ofanana?

Gift_Zeo analemba:

A Tadala, pa funso loyamba ndisiyana pang'ono ndi Aphunzitsi, ndipo andikhululukire. Kukokana kwa π ndi kofooka poyerekeza ndi mgwirizano weniweni wa maatomu, ndipo methanol wokwanira amayenera kuchotsa phenol yogwidwa mwa njira imeneyo. Imene yakanirirayo mwina sinalinso phenol. Madzi amene akhala pa mpweya amakhala ndi okosijeni wosungunuka pafupifupi mamiligalamu 8 pa lita pa madigiri 25, ndipo makoma a kaboni amathandiza okosijeniyo kuchotsa haidrojeni pa phenol, kenako mamolekyu otsalawo amalumikizana awiriawiri kapena atatuatatu. Zolumikizanazo ndi zazikulu, sizisungunuka bwino, ndipo zikapangidwira m'kati mwa kabowo sizingatulukirenso pakhomo pamene zinalowera. Grant ndi King anafotokoza zimenezi mu 1990, ndipo Vidic ndi Suidan anaonetsa m'zaka zomwezo kuti kaboni amagwira ma phenol ambiri pamene okosijeni alipo kuposa pamene wachotsedwa. Kulumikizanaku kumakula pH ikakwera, kutentha kukakwera, ndiponso nthawi ikatalika, ndipo magulu a asidi pakhoma amakulepheretsa. Ndi ndendende zimene mwaona inu. Ma nitrophenol salumikizana motere kwenikweni chifukwa gulu la nitro limaumitsa mphete kutaya elekitironi, ndipo mwina n'chifukwa chake kusiyana kwa makaboni anu kwatsala kwakukulu pa phenol yokha.

Tanthauzo lake ndi lakuti gawo lina la zimene kaboni wosathira asidi wachotsa m'madzi si adsorption ayi, ndi kusintha kwa mankhwala. Kuti mulekanitse ziwirizi, pititsani mpweya wa nayitrojeni m'madzi musanathire kaboni, dzazani botolo mpaka kukamwa, litsekeni zolimba, ndipo muyerekeze ndi botolo la masiku onse.

Za Langmuir ndikuchenjezeni. Irving Langmuir analemba chilinganizo chake mu 1918 pofotokoza mpweya womatirira pa galasi, mica ndi platinum, zinthu zosalala, ndipo chimayerekeza kuti malo onse ogwirapo ndi ofanana mphamvu, kuti malo amodzi amatenga molekyu imodzi, komanso kuti mamolekyu oyandikana sakhudzana. Activated carbon sakwaniritsa ngakhale chimodzi mwa izi, chifukwa timabowo take ndi tosiyana kukula, m'mphepete ndi mosiyana ndi pakati pa kapepala, ndipo m'timabowo tating'ono zimene zimachitika zikufanana kwambiri ndi kudzaza kwa kabowo kuposa kuyala mzere pakhoma. Kugwirizana kwa manambala kukungosonyeza kuti mzere wanu umakwera msanga kenako n'kuyamba kugona. Ndiponso ngati munajambula Ce/qe molimbana ndi Ce (Ce ndi mankhwala otsala m'madzi, qe ndi ogwidwa pa galamu ya kaboni), dziwani kuti Ce ali mbali zonse ziwiri za girafu, ndipo zimenezo zokha zimakweza R² ngakhale manambala atakhala omwazika. Yesaninso chilinganizo cha Freundlich, chimene chinachokera pa kuyeza adsorption m'madzi pa makala, ndipo zonse ziwiri muziyese pa manambala enieni osawawongola kukhala mzere wolunjika. Mukhoza kulemba qmax ya Langmuir, mlingo wotsiriza umene galamu ya kaboni ingagwire, ngati nambala yoyerekezera makaboni anu awiri, koma musaigwiritse ntchito ngati umboni wa mmene mamolekyu akhalira.

Popeza mwatchula za kukula kwa molekyu, ndionjezere kuti pali zinthu zina zimene kukula ndi maonekedwe zimalamuladi. Ma zeolite, zinthu zolimba za silicon, aluminium ndi okosijeni, ali ndi timabowo tofanana ndendende chifukwa ndi makhiristo. Mu zeolite yotchedwa ZSM-5 timabowoto ndi pafupifupi mananomita 0.55, ndipo p-xylene, yomwe ndi yowongoka, imadutsa mofulumira kwambiri kuposa o-xylene ndi m-xylene. Kulekanitsa ma xylene pophika n'kovuta zedi, chifukwa p-xylene imawira pa madigiri pafupifupi 138 pamene m-xylene imawira pa 139. N'chifukwa chake njira ya Parex, imene kampani ya UOP inayambitsa mu 1971, imagwiritsa ntchito adsorption ya m'madzimadzi pa zeolite ya mtundu wa faujasite yoikidwa barium kapena potassium. Chochititsa chidwi n'chakuti makomo a faujasite, a mananomita pafupifupi 0.74, amalola ma xylene onse kulowa, ndipo kusankhako kumachitika m'kati, malinga ndi mmene molekyu iliyonse ikukhalira pafupi ndi ma ion aja ndi mmene ikupanikizirana ndi inzake. Pochotsa p-xylene amathira p-diethylbenzene kapena toluene kuti ilande malowo, komwe ndi kulimbirana komwe kuja Aphunzitsi anena za madzi ndi phenol.

Mphunzitsi_Wopuma analemba:

A Gift, palibe chokhululuka, mwanena zoona, ndipo ndinalakwa kusatchula okosijeni wosungunuka. Sindinadziwe kuti phenol ikukanirira mu methanol, koma ngakhale pamenepo ndikanayenera kufunsa. Ndingoteteza mbali imodzi ya zimene ndinanena: ngakhale m'madzi ochotsedwa okosijeni, kaboni wowiritsidwa mu asidi amagwirabe phenol yochepa, makamaka pamene phenol ili yochepa m'madzi, kumene timabowo tating'ono kwambiri ndi timene tikugwira ntchito. Choncho a Tadala ayembekezere kuti kusiyanako kuchepa akathira nayitrojeni, koma sikutheratu, ndipo kotsalako ndi kumene kuli kwa madzi otseka makomo ndi maelekitironi ochepa pakhoma.

Pali njira ina yolekanitsira zifukwazi ngati muli ndi ng'anjo yolola mpweya wa nayitrojeni kudutsa. Magulu a carboxyl amachoka ngati CO₂ kutentha kusanapitirire madigiri 400, pamene a carbonyl ndi a quinone amakhalabe mpaka madigiri 700 kupita m'mwamba ndipo amachoka ngati CO. Mukatenthetsa gawo lina la kaboni wa asidi pa madigiri 450 ndi lina pa 900, mudzakhala ndi makaboni a timabowo tofanana koma makoma osiyana, ndipo mudzaona nokha kuti mphamvu yogwira phenol ikubwerera pa sitepe iti. Wa madigiri 900 uja muziziritse ali mu nayitrojeni momwemo ndipo mumugwiritse ntchito msanga, chifukwa akakhala pa mpweya amayambanso kutola okosijeni.

Muyeso wa cyclohexane nawonso musausiye, chifukwa ndi umene ukuyankha funso lanu loyamba mwachindunji. Silica gel amaonetsa chinthu chomwechi moonekeratu: m'madzi sagwira phenol kwenikweni chifukwa madzi amalanda magulu ake onse a silanol (magulu a OH a pakhoma lake), koma mu hexane kapena cyclohexane amagwira ma aromatic bwino kwambiri n'kusiya ma alkane kudutsa, ndipo ndi mmene amalekanitsira magulu a mankhwala a m'mafuta m'labotale. Pochita muyesowu muumitse kaboni mu uvuni pa madigiri 110 usiku wonse, mumuziziritse mu desiccator, chotengera chotsekedwa chopanda chinyezi, ndipo cyclohexane yemwe mumuike pa molecular sieve, timibulu toyamwa chinyezi, tsiku lathunthu musanasungunulemo phenol, chifukwa chinyezi chochepa chabe chimene kaboni wa asidi amatola pamene mukumuyeza pa sikelo chimakwanira kukhala pa magulu a carboxyl phenol isanafike.